Kolera ikagwa ku Glen View, uthenga uyende njira iti? Kuyerekeza njira zolumikizira makaundula a zaumoyo mu Harare

Mu Harare muno wodwala mmodzi amatha kulembedwa m'mabuku anayi osadziwana. Kukiliniki ya khonsolo amulemba. Akamutumiza ku chipatala cha Beatrice Road amulembanso. Chimbudzi chake chokayezetsa chikafika ku labotale chimapatsidwa nambala yakeyake. Ndipo ngati adayamba wadzera kwa dokotala wolipira ku Avenues, kumeneko kuli pepala lina lomwe a boma mwina sadzaliona n'komwe. Masiku a mtendere zimenezi zimangotopetsa anamwino, koma mliri ukagwa zimapha anthu. Kolera siidikira lipoti la pamwezi. Munthu akamwa madzi oipa amatha kuyamba kutsegula m'mimba tsiku lomwelo, mwina pakapita masiku asanu, ndipo akapanda kulandira madzi m'thupi msanga, dzuwa limalowa iye atatsirizika.

Ife a ku Mufakose, Mbare, Highfield, Mabvuku ndi Dzivaresekwa, ana ndi zidzukulu za anthu omwe adabwera kudzagwira ntchito kuchokera ku Nyasaland, ku Chipata ndi ku Tete, nkhaniyi sitiimvera pa wailesi. Kolera ya 2008 idayambira ku Chitungwiza mu Ogasiti, n'kulowa ku Budiriro, n'kuwanda dziko lonse. Pofika pakati pa 2009 idali itagwira anthu oposa 98,000 ndi kupha oposa 4,200, ndipo ambiri mwa omwalirawo adafera kunyumba osafika pachipatala. Mu Sepitembala 2018 idabwereranso ku Glen View ndi ku Budiriro. Ya 2023 idayambira ku Chegutu mu Febuluwale, ndipo pofika Novembala khonsolo ya Harare idalengeza kuti mzinda uli pangozi, Kuwadzana ndiye ali pamoto. Pakati pa miliri imeneyi panali tayifodi ku Mbare ndi ku Kuwadzana, panalinso Covid-19.

Mliri uliwonse ukatha, akuluakulu amati makaundula alumikizidwe. Mawuwo ndi oona, koma njira zolumikizira zilipo zingapo, mtengo wake ndi wosiyana, ndipo iliyonse ili ndi munthu amene imamusiya panja. Muyezo womwe akatswiri ambiri akugwiritsa ntchito chiyambire 2021 umatchedwa 7-1-7: mliri uzindikirike pasanathe masiku 7 chiyambireni, akuluakulu a zaumoyo adziwitsidwe pasanathe tsiku limodzi, ndipo ntchito zoyamba zolimbana nawo zikhale zitachitika pasanathe masiku ena 7. Ine ndawonjezerapo mafunso anga. Magetsi a kampani ya boma ya ZESA akazima njirayo imagwirabe ntchito? Uthenga ukakwera kupita ku likulu umatsikanso kubwerera kwa namwino amene adautumiza? Nanga agogo athu opanda chitupa amawerengedwa?

Tisaiwalenso kuti Harare alibe mwini mmodzi pa nkhani ya zaumoyo. Makiliniki a m'malokeshoni, pamodzi ndi zipatala za matenda opatsirana za Wilkins ndi Beatrice Road, ali m'manja mwa khonsolo ya mzinda. Zipatala zazikulu za Parirenyatwa ndi Sally Mugabe ndi za Unduna wa Zaumoyo. Chitungwiza ili ndi khonsolo yake, Epworth ili ndi bodi yake, Ruwa ndi Norton chimodzimodzi, komabe anthu ake m'mawa uliwonse amakwera kombi kudzakumana pa Mbare Musika. Tizilombo timadutsa malire onsewa tsiku ndi tsiku. Mapepala ndiwo amaima pamalire.

Pepala, foni ndi WhatsApp

Iyi ndi njira yomwe ilipo kale, ndipo sindikufuna kuti wina ainyoze. Lowani m'kiliniki ina iliyonse ya m'lokeshoni Lolemba m'mawa. Pamzere pali amayi a sikelo, ena a shuga, ena a BP. Patebulo la sisitala pali mabuku aakulu a kaundula, m'mphepete mwake mutada ndi zala, ena atamatidwa ndi pulasitala pamsana. Wodwala aliyense akatuluka, namwino amadula kamzere pa pepala lowerengera, pansi pa dzina la matenda ake. Timizere timeneto ndito timasanduka ziwerengero za pa fomu ya T5 mwezi ukatha. Matenda ofunika kulengeza msanga ali ndi fomu yawo ya T1. Sabata iliyonse pamakhalanso lipoti lalifupi la matenda owopsa lomwe limatumizidwa pafoni. Sisitala akaona kuti timizere ta otsegula m'mimba tachuluka kuposa sabata yatha, ndipo anthu ake akuchokera misewu yoyandikana, amatenga foni n'kuimbira wa zaukhondo. Miliri yambiri imagwidwa chomwecho, ndi maso a mayi amene wakhala pampando umenewo zaka zambiri.

Ubwino wake ndi woti siifuna magetsi, ndi yotsika mtengo, ndipo aliyense amaidziwa. WhatsApp itabwera liwiro lidawonjezereka: mndandanda wa odwala amaujambula pafoni, mphindi yomweyo wafika ku ofesi.

Vuto lake likuyambira pomwepo. Chithunzi cha mndandanda sichiwerengeka ndi kompyuta, ndiye wina ku ofesi amayenera kukopera mayina onse usiku, ndipo pokopera ena amabwerezedwa, ena amasowa. Mayina, zaka ndi matenda a anthu zimakhala mu foni ya munthu payekha, pomwe lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021 limafuna kuti zinthu zotere zisungidwe mwachinsinsi. Komanso anamwino athu akuchoka m'dziko mochuluka, moti mu 2023 bungwe la WHO lidaika Zimbabwe pa mndandanda wa maiko omwe ogwira ntchito zaumoyo akuperewera kwambiri. Namwino akakwera ndege ya ku London, foni ija imakwera naye, ndi mbiri yonse ya mliri wa m'dera lake. Chachikulu koposa n'chakuti pepala limaona kiliniki imodzi yokha. Odwala atatu ku Glen View, awiri ku Budiriro ndi awiri ku Glen Norah sangadzidzimutse aliyense payekha, chonsecho onse asanu ndi awiriwo mwina adatunga pa mjigo umodzi.

Ine ndikuti njirayi isatayidwe, koma ikhale yothawirako zinthu zikavuta, osati msana wa ntchito yonse.

Kusonkhanitsa ziwerengero zonse mu DHIS2

DHIS2 ndi pulogalamu ya pakompyuta yaulere, yosonkhanitsira ziwerengero za zaumoyo, yomwe idakulira ku University of Oslo, ndipo maiko oposa 70 amaigwiritsa ntchito, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique. Zimbabwe yakhala nayo kwa zaka zoposa khumi. Ziwerengero za pa T5 ndi malipoti a pasabata zimathera m'menemo, ndipo munthu wa ku likulu amatha kuona pa mapu kuti otsegula m'mimba akwera chigawo chiti. Itha kuikidwanso malire, kuti chiwerengero chikadutsa pamenepo ichenjeze yokha.

Kwa munthu wofuna njira yachangu ndi yotsika mtengo, iyi ndi yokopa, chifukwa anthu odziwa kuigwiritsa ntchito alipo kale m'maboma onse. Koma tikumbuke kuti ntchito yake yoyamba idali kusunga ziwerengero zophatikiza. Imakuuzani kuti sabata yatha kiliniki yakuti idaona otsegula m'mimba 40. Simakuuzani kuti ndi ayani, amagona nyumba iti, amamwa madzi a kuti. Pa kolera, nkhani ya sabata yatha ndi nkhani ya maliro.

Ili ndi gawo lina lotchedwa Tracker lomwe limalemba wodwala mmodzimmodzi, ndipo pa foni ya Android limagwira ntchito ngakhale netiweki palibe, n'kutumiza pambuyo pake. Pamenepo ndiye DHIS2 imayamba kuthandiza pa mliri. Koma ngati Tracker sikulumikizana ndi kaundula wa pachipatala, namwino amalemba wodwala yemweyo kawiri, m'buku ndi mu foni, pamzere pali anthu akusanza. Ntchito yolemba kawiri siikhalitsa. Sabata yoyamba anthu amalimbikira, yachitatu amayamba kulowetsa madzulo, kenako mawa lake, kenako Lachisanu.

Kaundula mmodzi wa pakompyuta m'zipatala zonse

Iyi ndi njira yomwe imakometsa kwambiri pamsonkhano. Wodwala alembedwe kamodzi pakhomo, ndipo kuyambira kwa namwino, ku labotale, kufikira kolandirira mankhwala, zonse zilowe pa dzina lake m'pulogalamu imodzi. Malipoti azituluka okha. Unduna wa Zaumoyo uli nayo kale pulogalamu yotere, Impilo, yomwe idapangidwa konkuno, ndipo m'zipatala zomwe yafika anamwino amalemba pa tabuleti zolumikizidwa ku seva ya pachipatala pomwepo. Kuti ndi yathu yathu n'chinthu chonyaditsa, chifukwa wofuna kuisintha sayenera kukapempha chilolezo kunja.

Ikamagwira bwino ntchito, palibe njira ina yoiposa pa liwiro. Namwino akangolemba kuti munthu wamkulu wabwera akutsegula m'mimba mwa madzimadzi ndipo wafooka, chenjezo litha kupita kwa wa zaukhondo wodwalayo asanabayidwe n'komwe dripi.

Komabe ndili ndi nkhawa zitatu, ndipo ndi zazikulu. Yoyamba ndi magetsi ndi zida. Masola adaikidwa m'zipatala zambiri m'zaka zapitazi, koma batire limatha, tabuleti imagwa pansi, ndipo wokonza amakhala kutali. Makina akaima m'mawa, anamwino amabwerera ku buku, ndipo odwala a tsiku limenelo amalowetsedwa mochedwa kapena osalowetsedwa. Yachiwiri ndi nthawi ya mliri yeniyeniyo. Kolera ikavuta odwala sagona m'mawodi a masiku onse. Amagona m'matenti, pa mabedi obooka pakati okhala ndi ndowa pansi, paliponse pakununkha klorini, ndipo namwino wavala magolovesi onyowa. Pamalo otere fomu yaitali ya pa tabuleti siilembeka. Pamafunika mizere yochepa: dzina, zaka, kumene amagona, madzi amatunga kuti, adayamba liti. Yachitatu ndi yoti ngakhale zitavuta bwanji, Harare yense sadzalowa m'pulogalamu imodzi. Madokotala olipira ali ndi makompyuta awo olembera mabilu a medikoedi, inshuwalansi ya zaumoyo ija. Ma labotale ali ndi awo. A madzi ku khonsolo si a zachipatala n'komwe. Wodikira kuti onsewa asamukire m'nyumba imodzi adzadikira miliri ina iwiri.

Choncho Impilo ipitirire kufalikira, ndipo ikhale gwero lalikulu la uthenga m'zipatala za boma ndi za khonsolo. Koma kuitenga ngati yankho lonse la kukonzekera ngozi n'kudzinamiza.

Kusiya aliyense ndi chake, koma zizilankhulana

Apa ndi pomwe mtima wanga uli. M'malo mogwetsa zonse n'kumanga chimodzi, pakati pamaikidwa mlatho womwe umalandira uthenga kuchokera ku pulogalamu iliyonse n'kuupereka kwa oyenera. Akatswiri ali ndi ndondomeko yomangira mlatho wotere yotchedwa OpenHIE, ndiponso kalembedwe kogwirizana ka uthenga wa zaumoyo kotchedwa HL7 FHIR. Impilo, DHIS2, kompyuta ya ku labotale ndi ya dokotala wa ku Avenues zimakhala momwe zilili, koma iliyonse imaphunzitsidwa kutumiza mizere ingapo m'kalembedwe kamodzi.

Taonani zomwe zidachitika mu 2018. Unduna udalengeza mliri pa 6 Sepitembala, ndipo pa 11 boma lidati Harare ali pangozi. Ku labotale adapeza kuti kachilombo ka chaka chimenecho sikankamva mankhwala omwe ankayamba kuperekedwa, monga ciprofloxacin ndi ceftriaxone, koma kankamva azithromycin. Uthenga wotere ndi wofunika kufika kwa aliyense wolemba mankhwala mumzinda tsiku lomwelo, wa boma ndi wolipira yemwe. Kumeretsa kachilombo ku labotale kumatenga kale masiku awiri kapena atatu. Zotsatira zikamadikiranso galimoto kapena munthu wokazitenga, masiku amawonjezereka pachabe. Pa mlatho, zotsatira zikangosainidwa zimagwera pa dzina la wodwala kukiliniki, n'kugweranso pa mndandanda wa mliri ku likulu, popanda wokopera.

Chinanso chomwe njira zina zija sizingathe ndi kubweretsa uthenga wa kunja kwa chipatala. Kolera ya ku Glen View idayenda ndi suweji yophulika yomwe idalowa m'zitsime ndi m'mijigo. Mzinda wa Harare umamwa madzi a Lake Chivero kudzera ku malo oyeretsera madzi a Morton Jaffray, ndipo kumeneko mankhwala oyeretsera akasowa kapena makina akaima, mipopi imauma, anthu n'kukhamukira ku zitsime zosatetezedwa. A madzi amadziwa tsiku lomwe dera lakuti lauma. Amadziwa pomwe paipi ya suweji yaphulika, chifukwa anthu amakadandaula ku ofesi ya m'dera. A zaukhondo amayeza madzi a m'mijigo. Zitatu zimenezi zikaikidwa pa mapu amodzi ndi otsegula m'mimba, munthu atha kuona ngozi odwala asanachuluke, n'kutseka mjigo kapena kuikapo klorini. Ndipo suweji imanenanso zina: kumapeto kwa 2023 kachilombo ka poliyo kadapezeka m'madzi a suweji a Harare, n'chifukwa chake kudachitika katemera wa ana kumayambiriro kwa 2024. Uthenga umenewo sudachokere m'buku la kiliniki iliyonse.

Koma ndinene mosabisa, njirayi ndi yovuta kuposa momwe imamvekera, ndipo kuvuta kwake sikuli pa makompyuta. Mlatho sugwira ntchito pokhapokha onse atagwirizana zinthu zooneka zazing'ono. Pakhale mndandanda umodzi wa zipatala zonse, chilichonse ndi nambala yake yosasintha, zolipira zomwe. Pakhale tanthauzo limodzi la woganiziridwa kolera, lomwe ndondomeko ya kalondolondo wa matenda ya IDSR, yomwe maiko a mu Africa adagwirizana mu 1998, imapereka kale. Pakhale mndandanda umodzi wa mayina a malo. Wodwala wa ku Hopley, ku Caledonia kapena mbali zina za Epworth alibe nambala ya nyumba yoti ipezeke pa mapu. Amanena kuti ndimakhala kuseri kwa tchalitchi chakuti, pafupi ndi chigayo. Ngati fomu ilibe malo olembapo zimenezo, kapena dzina la mjigo womwe amatungapo, gulu lopita kukathira mankhwala lidzazungulira tsiku lonse. Pakhalenso pangano lolembedwa pakati pa khonsolo, unduna ndi olipira, lonena kuti ndani aone chiyani. Wa madzi safunika kuona dzina la wodwala, amangofunika msewu. Mapangano oterewa amatenga miyezi, ndipo salembeka mliri uli mkati.

Za chitupa, abale anga

Pali mfundo imodzi mwa zogwirizanazo yomwe ikutikhudza ife mwapadera. Kuti makompyuta adziwe kuti wodwala wa ku Mufakose ndi yemwe uja wagonekedwa ku Beatrice Road, amafuna nambala imodzi ya munthuyo. Chapafupi n'kutenga nambala ya chitupa. Kwa wopanga pulogalamu zimenezi n'zosavuta.

Koma tikudziwa tokha mmene zilili m'nyumba zathu. Pali agogo omwe adabwera ali ana, adakalambira m'mafamu ndi m'migodi, ndipo mpaka lero alibe pepala lililonse. Pali ena omwe zitupa zawo zidalembedwa kuti ndi alendo ngakhale adabadwira konkuno. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adatsegula njira ya unzika kwa obadwira muno omwe makolo awo adachokera maiko a SADC, ndipo adaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma mayi wopanda setifiketi ya kubadwa amavutika kumutengera mwana wake, mwanayonso n'kudzavutika kutengera wake. Anthu amenewa ndi omwe amakhala kumene madzi a mpopi safika. Ndiye pulogalamu yokana kupita patsogolo popanda nambala ya chitupa idzasiya panja anthu omwe kolera imayambira pakati pawo. Ena adzabwereka chitupa cha m'bale. Ena, poopa kufunsidwa mapepala, adzagona kunyumba n'kumamwa madzi a mchere ndi shuga mpaka zitavuta.

Kudalira dzina lokha nakonso sikuthandiza. Mayi mmodzi alembedwa Phiri kukiliniki, Piri kuchipatala, ndipo pa botolo la ku labotale alembedwa dzina la amuna awo. Chaka chobadwa amangoyerekeza. A Banda ndi a Phiri mu Mbare alipo ochuluka zedi, moti kompyuta itha kugawa munthu mmodzi kukhala atatu, kapena kuphatikiza atatu kukhala mmodzi, zotsatira za wina n'kupita kwa wina.

Chomwe ndingasankhe ndi nambala ya zaumoyo yoperekedwa pachipatala pomwepo kwa aliyense wolowa pakhomo, yomatidwa pa khadi lake ndi pa botolo lililonse lopita ku labotale. Ali ndi chitupa, nambala yake iwonjezedwe. Alibe, athandizidwe ndi kulembedwa chimodzimodzi. Ndipo lamulo linene poyera kuti kaundula wa odwala sapita kwa a zolowa ndi kutuluka m'dziko kapena kupolisi. Pa mafunso onse omwe tingafunse khansala kapena komiti ya pakiliniki, limeneli likhale loyamba.

Mapulogalamu a nthawi ya mliri

Alipo mapulogalamu opangidwira mliri basi. Go.Data ya WHO ndi yolondolera anthu omwe adakhudzana ndi wodwala, ndipo SORMAS idapangidwa ndi akatswiri a ku Germany ndi a ku Nigeria Ebola ya 2014 itadutsa. Pa ntchito yawo ndi abwino. Pa matenda opatsirana munthu ndi munthu, monga Ebola kapena Covid-19, amasonyeza bwino amene adapatsira mnzake. Pa kolera ya m'tauni phindu lake n'lochepa, chifukwa chofunika kulondola ndi madzi kuposa anthu. Choopsa ndi chizolowezi choti mliri uliwonse ubwere ndi pulogalamu yake ndi wopereka thandizo wake, anamwino n'kuphunzitsidwa masiku awiri odwala ali pamzere. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Ngati imodzi yasankhidwa, isankhidwe kusanagwe kanthu, ilumikizidwe ku mlatho uja, ndipo anthu aziiyeserera chaka ndi chaka.

Zomwe kompyuta siimva

Njira zonsezi zimayamba munthu akafika pachipatala. Takumbukira kale kuti mu 2008 ambiri sadafikeko. Chikuku cha 2022, chomwe chidayambira ku Mutasa m'chigawo cha Manicaland n'kupha ana oposa 700, chidakula kwambiri pakati pa mabanja omwe chikhulupiriro chawo sichiwalola kupita kuchipatala. Buku la kiliniki silingaone mwana amene sadabwere.

Kwathu kuno oyamba kudziwa za imfa ndi a bungwe la maliro, akuluampingo, mashehe ndi amayi osambitsa mtembo. Mlembi wa bungwe la maliro akaona kuti sabata imodzi watulutsa ndalama za mabokosi atatu mumsewu umodzi, onse otsegula m'mimba, ali ndi uthenga womwe palibe seva ili nawo. Pamaliro pomwepo ndi pomwe matendawa amafalikira: thupi la womwalira ndi kolera limakhala ndi tizilombo tambiri, osambitsa amakagwiranso ziwiya, anthu amasamba m'manja m'beseni limodzi asanadye nsima. Anthu amenewa safunika tabuleti. Afunika nambala imodzi ya foni yaulere yomwe imayankhidwa usiku womwe, yomwe woyankhayo amalemba mphekesera iliyonse m'kaundula wolumikizidwa ku mlatho uja, ndi lonjezo loti wina abwera kudzaona pasanathe tsiku. Akaimba kawiri osaona munthu, kachitatu saimbanso. Ndipo uthenga wobwerera kwa iwo ukhale m'chilankhulo chomwe agogo akumva, Chishona kapena Chichewa.

Ndalama ndi malire

Wina afunsa kuti yotsika mtengo ndi iti. Pogula, pepala ndi DHIS2 ndizo zotsika, kaundula wa pakompyuta m'zipatala zonse ndiye wokwera kwambiri chifukwa cha zida, ndipo mlatho uli pakati. Koma ndalama zenizeni zili pa kusamala: malipiro a amisiri a makompyuta, data ya mafoni, mabatire, maphunziro a anamwino atsopano. Mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake la kunja, ntchito zambiri za HIV m'chigawo chino cha Africa zidagwedezeka, ndipo ambiri mwa olemba makaundula ankalipidwa ndi ndalama zimenezo. Mlatho uli ndi ubwino woti mbali imodzi ikagwa zina zimayendabe, koma iwo weniweniwo uyenera kukhala pa bajeti ya boma, seva yake ndi amisiri ake omwe. Kunena mwachidule zomwe ndingachite nditapatsidwa mphamvu: ndingayambe ndi kulumikiza labotale ku makiliniki a kumadzulo ndi kummwera kwa mzinda komwe kolera imabwerezabwereza, kenako a madzi, kenako olipira, uku Impilo ikufalikira pa liwiro lomwe magetsi ndi ndalama zikulola, fomu yaifupi ya pepala ili m'kabati.

Chatsala ndi msewu wa kumudzi. Basi yochoka Harare imadutsa Nyamapanda, n'kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kulowa Malawi pa Mwanza, ulendo wosakwana masiku awiri. Munthu atha kumwa madzi oipa ku Mbare, n'kukayamba kudwala ali ku Blantyre, kapena kuchoka ku maliro ku Mangochi n'kudzagwa ali ku Epworth. Kolera ya ku Malawi yomwe idayamba mu Malichi 2022 idapha anthu oposa 1,700, ndipo miyezi yomweyo idali ikuvutanso ku Mozambique. Maiko atatuwa onse ali ndi DHIS2, koma lililonse lili ndi yakeyake, ndipo uthenga wa wodwala sudumpha malire wokha. Malamulo a zaumoyo a dziko lonse a 2005 amafuna kuti dziko lidziwitse WHO pasanathe maola 24 likaona kuti vuto lingafalikire kunja, koma imeneyo ndi njira ya malikulu, yodzera ku Harare ndi ku Lilongwe. Yothandiza msanga ndi yoti wa zaumoyo wa m'boma la Mudzi, komwe kuli Nyamapanda, wa ku Tete ndi wa ku Mwanza akhale ndi manambala a foni a anzawo, agwirizane mizere yochepa yoti azitumizirana sabata iliyonse, ndipo fomu ya wodwala aliyense mu Harare ikhale ndi funso loti masiku asanu apitawa mudagona kuti.